Yisiti wa Mwana Wanga ndi Diripi ya Amake

"Ababa, amayi muwapha ndinu, osati mankhwalawo!"

Anali mwana wanga wamkazi, wachisamba, ataima pakhomo ndi kapu ya phala limene amake anali atakana. Chibadwire anali asanandikwezerepo mawu. Ine ndinali nditangolamula kuti ku Blantyre sitipitanso, ndipo ndinalamula mokuwa, mpaka azimayi a pa mjigo anatembenuka.

Akazi anga anawapeza ndi khansa ya khomo la chiberekero. Kuchipatala cha kuno anatitumiza ku Blantyre, kumene ankawaika diripi ya mankhwala amphamvu. Tsitsi linathothoka, m'kamwa munatuluka zilonda, chakudya chikangolowa chinkabwerera. Ulendo womaliza tinachoka ku Lisungwi kuno mbandakucha, kugwedezeka mu minibasi njira yonse, kukafika anangowayeza magazi n'kunena kuti achepa, lero ayi, kadikireni kaye kunyumba. Ndinatukwana nesi amene anatiuza. Za mtundu wanji zimenezo? Mukawapatsa mankhwala akudwala koposa, tikabwera mukutibweza. Ndiye ndinati basi, ngati n'kufa afere pakhomo pawo, osati mumsewu.

"Iwe usandiphunzitse," ndinamuyankha. "Ukanaphunzira udokotala ndikanakumvera. Zaka zonsezi ku koleji ukuweta yisiti, yemweyu ndimagula m'kapaketi pa golosale ya Msilamu uyo. Yisiti wakoyo wachiritsa ndani?"

Anaika kapu pansi n'kulowa m'nyumba.

Ntchito yanga ndi yophika masikono. Uvuni yanga yanjerwa ili kuseri kwa nyumba, ndipo ndikapsa mtima ndimakathera komweko. Dzuwa litapendeka ndinali ndikukanda ufa ngati wandilakwira, mwanayo n'kutulukira, maso ali psuu. Anasamba m'manja, nagwada mbali ina ya beseni, nayamba kukanda nane.

"Ababa, mukudziwa chimene timam'chita yisiti kusukuluko? Timamuvulaza dala."

"Ntchito yabwino."

Sanasamale. Anati yisiti ndi kachamoyo ka selo imodzi yokha, ndipo m'kati mwake muli ulusi wautali, DNA, pamene palembedwa malangizo onse a moyo wake. Ulusiwo sungokhala mbwee ayi, umakulungidwa pa timabobini ngati ta telala. Pamene wakulungidwa mothina, malangizo a pamenepo sawerengedwa, amakhala chete. Pamene pali pomasuka m'pamene selo imawerenga. Tsono iwo amathira mankhwala odula ulusiwo, n'kumaona chichitike n'chiyani.

"Mumam'peza atafa, eti?"

"Ayi. Amaima. Muli alonda m'menemo amene amatseka njira ngati lodibuloko ya pa Zalewa. Selo siigawikananso. Poduka paja timabobini timachotsedwa, ulusi umalumikizidwa, kenako alonda omwewo amamasula kanthu kamene kamanyamula timabobini kuti kakakulungenso. Malo oyenera kukhala chete amatsekedwanso. Zikatha zonsezo ndiye njira imatseguka."

Ntchito yakeyo inali pa yisiti wochotsedwa alonda. Ameneyo, anatero, saima. Amangogawikana ulusi uli chidukire, kukulunga kumasokonekera, malo oyenera kukhala chete amatha kuyamba kuwerengedwa, mapeto ake ambiri amafa.

"Pa zimenezi munthu ndi yisiti sitisiyana kwambiri. Diripi ija imadula ulusi. Maselo ambiri a khansa lodibuloko yawo inawonongeka, ndiye amathamanga ndi mabala mpaka kufa. Abwinowo amavulala nawo, a magazi, a tsitsi, koma amaima n'kudzikonza. Aja anakubwezani aja amadikira zimenezo, Ababa. Sikuti anakunyozani."

Bayoloje ndinaphunzira mpaka Folomu 4, selo ndinaijambulapo m'kope. Ndinamva zonse zimene ananena, ndipo kumvako kunangondiwonjezera ukali, chifukwa ndinalibenso womukalipira.

"Ndiye amako achira?"

Anapitiriza kukanda osandiyang'ana.

"Sindikudziwa. M'mbale zanga zowetera yisiti ena amadzuka. Ena amaima n'kuimiratu."

"Ukanangondinamiza bwanji?"

"Mukanandigwira."

Tinaphimba mtandawo ndi nsalu. Apo m'pamene tinamva kutsokomola. Amake anali atadzikoka ndi mphasa yawo mpaka pakona pa nyumba, mpango uli kumutu, ndipo anali atamva zonse.

"Inu awiri, mwamaliza kugawana thupi langali?" Mawu awo anali atachepa koma lilime linali lomwe lija. "Wina akuti ndipite, wina akuti ndisapite. Mwini wake ndili pompano, palibe wandifunsa."

Ndinati nenani.

"Ndipita. Za mabobinizo sindinazimve, musandifunse. Ine ndikufuna ndimuone uyu atavala mkanjo womalizira sukulu uja ndi chipewa chake chonga thireyi. Iwe, mawa ubwerere kusukulu, anthu ako aang'onowo angafe ndi njala. Ondiperekeza ndi abambo akowa."

"Ine kumeneko ndinayambana nawo."

"Munayambana nawo kapena munawatukwana? Mukapepesa."

"Sindipepesa."

"Ndiye mukakhala panja ngati njinga. Koma mupita."

Mwanayo anaseka misozi ili m'masaya. Ine sindinaseke. Ndinkayang'ana mikono yawo, mikono imene inkasenza beseni la masikono mpaka pa siteji tsiku la msika, tsopano itatsala ngati mapesi. Ndinkadziwa chimene diripi ina ikawachite, iwonso ankadziwa kuposa ine.

Mkanjowo sanauone. Anatisiya mvula yoyamba itangogwa, chimanga chisanamere. Mpaka lero sindidziwa ngati maulendo otsatirawo anawawonjezera masiku kapena anawadyera ochepa amene anatsala. Mwana wanga ndinam'funsa kamodzi pambuyo pa maliro, anati nayenso sadziwa, ndipo sindinafunsenso. Pali masiku amene ndimaganiza kuti ndinkanena zoona ndine. Ndikaganiza choncho ndimasowa pokhala.

Tsiku lija tinakanda limodzi mtanda, magazi anali asanayezedwenso, koma tsiku limene achipatala anatiuza kuti tibwerere linali mawa lakelo. Kutacha ndinamanga pilo pa kaliyala ndi lamba wa chubu, ndinanyamula akazi anga m'manja kuwakhazika, n'kuyamba kukankha njinga, mwanayo akuwachirikiza kumsana. Paliponse pamene ankati imani, ndinkaima. Pa siteji kondakitala anafuna kuwaponya mpando wakumbuyo, pamwamba pa tayala, pafupi ndi matumba a makala. Ndinamuuza kuti mayi awa akhala kutsogolo, apo ayi minibasi yake siichoka pano. Anandiyang'ana, anawayang'ana, natsitsa mnyamata amene anali kutsogoloko. Ndinasiyira mwanayo njinga kuti abwerere nayo kunyumba asananyamuke wa kusukulu, ine n'kukwera kumbuyo kwawo, dzanja lili paphewa lawo kuti asagwedezeke.