Nthutumba yapita kwa Wongani

Mwaswera bwanji nonse. Ndili kwa adada ku Embangweni ndipo mtima ukundiwawa.

Lero m'mawa kompyuta yawo ija amalemberapo za kutchalitchi inayamba kuonetsa mizere yobiriwira, kuthima n'kuyakanso. Adada amati sikirini yapsa. Ndinasintha chingwe, mizere ili pomwepo. Ndinakabwereka sikirini ya aphunzitsi oyandikana nafe, n'kuisenza pamutu mpaka kuno, mizere yomweyo. Ndiye ndinawauza kuti vuto lili m'bokosimo, kakhadi kotulutsa zithunzi kagwedera kapena kadzaza fumbi, paja imakhala chipinda chimodzi ndi matumba a chimanga. Chimene ndinasowa ndi chomasulira bokosilo basi.

Masana watulukira mlongo wanga Wongani, amene wafika dzana kuchokera ku Joni, chomasulira chili m'thumba. Watsegula, wauzira kakhadi komwe ndinanena ine, wabwezeretsa. Mizere yatha. Mphindi zisanu sizinakwane.

Adada mpaka kuimirira: "Yewo chomene mwana wane, ku Joni sunapite pachabe." Ine angondiuza kuti ndigwire tambala.

Ndagwira, ndasosola, ndaphika. Pogawa, nthutumba ija imene chibadwire changa amadya adada okha, aiika m'mbale ya Wongani. Ine andipatsa khosi. Iye watafuna phee, osatchula n'komwe kuti anachita kumulozera ndine.

Ndiye ndikufunseni abale. Mizereyi ikadzabweranso iye atabwerera, ndidzakonze kapena ndidzawauze adada kuti adikire Wongani adzabwerenso Disembala? Pano sikirini ya aphunzitsi ikadali pakhonde, ndipo onse akuyang'ana ine kuti ndikabweze.