Njira ya Baba m'namasupuni

Ndikukumbukira chaka chimene alendo anasiya kubwera ku Elephant Marsh. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Baba ankagwira ntchito pa loji ina chakufupi ndi Chiromo, kupalasa bwato loonetsa azungu mbalame. Tinangomva kuti chuma chavuta kwawoko, kenaka loji inatsekedwa. Ophika, alonda ndi opalasa anzawo anathamangira kukadula nzimbe.

Baba ayi. Akachoka kudimba ankanola chikwanje n'kulowa m'dambo kukadula namasupuni m'kanjira ka bwato kopita kudziwe la mbalame. Zomera zimenezi ukangozilekerera, njira yatsekeka basi. Kunyumba tinkadya nyika, zokumba m'madzi zija, ndipo pamjigo azimayi ankandiseka: "Mtsikana iwe, abambo ako akusesabe msewu wa azungu?" Manyazi ake!

Loweruka lina ndinawalondola kudooko nditakwiya. "Baba, mukudulira ndani? Kulibe akubwera!"

Anangondipatsa nkhafi. "Gwira bwatoli lisazungulire. Tsiku lobwera iwo, ndidzawadutsitsa pati?"

Ndinapalasa misozi ili chuchuchu, matuza m'manja, matope akununkha. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse linali langa lopalasira Baba.

Patapita zaka ziwiri loji inatsegulidwa. Manijala watsopano, mayi wa ku Blantyre, anabwera ndi alendo anayi oyamba. Opalasa akale anayesa njira zawo, koma mabwato ankangotitimira m'namasupuni ngati ngolo m'matope. Mayiyo ananena poyera kuti alendowo akabwerera osaona kanthu, atsekanso loji.

"Kwerani muno," anatero Baba.

Ine ndinakhala kumbuyo ndi nkhafi yanga. Bwato linadutsa bwinobwino osakodwa paliponse. Titangotulukira padziwe, akakowa ndi atsekwe anauluka onse pamodzi, kumwamba kuli mbee! Mzungu wina wachikulire anaiwala n'kujambula komwe. Mtima wanga unadzaza, ndinkafuna dziko lonse lidziwe kuti amenewo ndi Baba anga.

Madzulo ake manijala uja anawasankha Baba kukhala kapitawo, nawauza kuti aitane anzawo adzatsegule njira zina. Amuna a azimayi ondiseka aja analembedwa ntchito kudzera mwa Baba.

Lero ndine ndikuonetsa alendo mbalame. Achepapo kangapo chiyambireni, ndipo ndikudziwa tsopano kuti ntchito umaisamala ngakhale palibe wokuona. Akachepa sindikhala pakhonde, ndimanola chikwanje. Baba anatisiya, koma njira yawo ija sinatsekekepo.