Mphira Pansi pa Makina Osokera

Titangokwatirana, m'zaka za m'ma 1950, ine ndi amuna anga tinali ndi tebulo limodzi lokha kwathu ku Nsaru. Iwo anali aphunzitsi, ankachongerapo makope a ana. Ine ndinkaikapo makina anga osokera opukusa ndi dzanja. Ndikangoyamba kusoka, tebulo linkanjenjemera ngati lagwidwa malungo, botolo lawo la inki n'kumayenda lokha, mpaka tsiku lina linakhuthukira pa makopewo.

Abambowo anati nkhaniyi ndi ya masamu. Sabata yathunthu ankandiuza kuti ndipukuse kenako ndisiye, iwo n'kumawerenga kuti madzi a m'kapu agwedezeka kangati asanadekhe, n'kulemba pa sileti. Madiresi a eni ake ali phee, osasokedwa.

Zitandikwana, ndinadula chidutswa cha mphira, ndinachipinda kanayi n'kuchiika pansi pa makina. Botolo lija linakhala malo amodzi.

Anachigwiragwira nati, "Mwaona, mayi? Chinthuchi chikumeza kunjenjemerako, chikubweza pang'ono chabe. Masamu anga amaloza komweko. Kodi mwachitenga kuti?"

"Ku chubu cha njinga yanu, bambo."

Mwezi wonsewo anapita kusukulu wapansi, sileti ili m'khwapa.