Damu Lathu la a Gervazio

M'mawa uliwonse, asanasambe ndi m'maso momwe, a Gervazio ankayenda pamwamba pa khoma la damu lawo akugunda dothi ndi chidendene. Ankati pamene mfuko yaboola pamalira ngati ng'oma.

Damulo anamanga okha ndi akazi awo, a Filomena, kumtunda kwa dimba lawo ku Kaphuka, atangobwera kuchokera ku Joni. Khasu, dengu ndi zilimwe zingapo. Enafe tinawathandiza kwambiri ndi maso.

Madzi atadzaza, anakumba ngalande yothirira kachewere ndi kabichi. Chimene chinawapweteka ndi ulemu. Munthu woleredwa bwino sanena kuti "langa", choncho iwo ankati "damu lathu". Mudzi unamva bwino lomwe. Amayi anayamba kutunga ndi kuchapa pomwepo. Ng'ombe za a Kalisto, wapampando wa chipani m'mudzimo, zinkamwanso, zikugumula khoma ndi ziboda.

"A Kalisto, ng'ombezi zikutha khoma."

"Khoma la damu liti, achimwene?"

"Lathuli."

"Eya, mwanena nokha."

Kutabwera alendo a kuboma, a Kalisto anawaonetsa damulo kuti ndi chitukuko cha mudzi wonse. Amayi anavina. A Gervazio anaomba nawo m'manja, poti masiku amenewo wosaomba ankafunsidwa chimene chavuta manja ake.

Chaka china mvula inanyanya, khoma linayamba kuchucha. A Gervazio anayenda khomo ndi khomo kupempha anthu a makasu, poopa kuti dimba lingakokoloke. Uyu msana, uyu maliro ku Lobi. A Kalisto anayankha mwaulemu:

"Za damu la eni ake sitilowerera, angatinene."

Damulo linaphulika Lamulungu, tili ku Misa. Kachewere ndi kabichi zinatsikira kudambo, kumene ana a mudzi anazitola mosangalala.

M'mawa mwake tinapita kukapepesa, ngati pamaliro. A Kalisto ndiwo anatiyankhulira, chipewa chili m'manja.

"Pepani, achimwene, ndi damu lanu lija."

"Zikomo pondibwezera," anatero a Gervazio.

Kenaka anakwera pachidutswa cha khoma chimene chinatsala, nayamba kugunda ndi chidendene monga mwa masiku onse. Atafika pamene panadukira anaima, nayang'ana matope pansipo. Anatsika, natenga dengu kwa a Filomena, nalowera kudambo kukapempha anawo kuti awagawireko kachewere. Pamwamba pa khomalo sindinawaonenso.