Tsamba Lobooka la Shalita

Mlamu wanga Shalita ankadziwika m'tauni mwathu, kufupi ndi mzinda wa Edesa, kuti ndiye dzanja la Abishopu Barlaha. Abishopuwo ankangoyankhula akuzungulira m'chipinda, iye n'kumalemba ndi bango pa zikopa za nkhosa. Anayamba ali mnyamata, anasiya ndevu zitayera. Inki ankagula kwa ine, ndipo sankalephera kuinyoza.

"Alamu, iyi ndi inki kapena msuzi wa mphodza?"

"Bweretsani mkate musunse," ndinkamuyankha.

Mlongo wanga, mkazi wake, anamwalira pobereka, n'kumusiyira mwana mmodzi, Anahidi. Nayenso malungo anamutenga asanathe n'komwe msinkhu. Pamaliro pake Abishopu analalikira za kuuka kwa akufa, ndipo ulalikiwo unalowa m'buku lawo lalikulu. Anatchulamo dzina la mwanayo, ananenanso m'mene ankathamangitsira nkhunda pakhomo pa tchalitchi. Shalita analemba yekha, misozi ikutsikira m'ndevu. Chikopa cha tsamba limenelo chinali ndi kabowo m'munsi, chilonda cha nkhosayo ikadali moyo, ndipo mawu anawazungulitsa pakabowopo. Kumanda sankapitako. Ankati mwana wake ali m'buku, adzawerengedwa ife tonse titaiwalika.

Abishopu anatisiya, maso a Shalita anachita ng'ala. Koma paja mlandu suola. Mabishopu akutali anakumana n'kugamula kuti malemuwo ankaphunzitsa zampatuko pa nkhani ya umulungu ndi umunthu wa Khristu. Munthu ali chigonere m'manda, anamutemberera. Ine mpaka lero sindimvetsa kuti analakwa pati, ndipo ndikukayika ngati onse amene anavomereza ankamvetsa. Lamulo linali loti mabuku ake atenthedwe, koma bishopu watsopano ankadziwa mtengo wa nkhosa. Anati zikopa sizinachimwe. Zitsukidwe ndi mkaka, zipalidwe ndi mwala, alembepo zoona.

Kupala sikulira maso, choncho ntchitoyo anaipatsa Shalita.

"Kanani, alamu," ndinamuuza. "Moyo wanu wonse muufafanize ndi manja anu omwe?"

"Ndikakana apatsa wina," anatero. "Winayo akumudziwa Anahidi?"

Apo m'pamene ndinamva cholinga chake. Madikoni anadula ulusi wa mabuku onse, masamba n'kusakanikirana m'madengu. Chilimwe chonse Shalita anakhala kuseri kwa tchalitchi, ntchentche zitamuunjirira chifukwa cha mkaka. Tsamba lililonse ankayamba walisisita ndi zala kufuna kabowo, kenako n'kupala. Anthu amene kale ankamupatsa moni wa manja awiri anayamba kumulambalala. Zinkandiwawa kumuona, moti njira imeneyo ndinasiya kudutsamo.

Tsiku lina masana anafika kwanga n'kundigwiritsa tsamba pansi pa malaya ake. Kabowo kanalipo, m'munsi momwemo.

"Ndamupeza, alamu."

Sitinaliwerenge. Kwathu munthu sawerenga chamumtima, amawerenga mokweza, ndipo makoma athu ali ndi makutu. Wopezeka ndi mawu a Barlaha ankalandidwa nyumba. Tsambalo analikwirira mumtsuko wa balere, mtima wake n'kukhala m'malo. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kusisita masamba. Ankangopala mofulumira kuti athane nazo, akuimba masalimo. Madikoni ankamuyamikira kuti nkhalamba yalapa.

Madengu atatha, zofufuza m'nyumba zitazizira, anandipempha kuti ndimutsogolere kumanda, kunja kwa linga. Aka kanali koyamba kuti apiteko chiikireni mwanayo. Anakhala pansi, anandipatsa tsambalo, n'kupinda manja ngati ali m'tchalitchi.

Ndinawerenga mzere woyamba, wachiwiri, mpaka kuzungulira kabowo. Munali Abishopu akutsutsana ndi mphunzitsi wina wa ku Alekisandiriya, yemwe nayenso anafa kalekale. Ndinatembenuza. Kuseri kunali mtsutso womwewo. Munalibe nkhunda, munalibe maliro, munalibe dzina.

"Pitirizani," anatero.

"Latha, alamu."

Anatenga tsambalo n'kulowetsa chala chake m'kabowo kaja.

"Nkhosa zachilonda zinalipo zambiri, eti?"

Tonse awiri tinakulira pakati pa zikopa, ndipo tinkadziwa bwino lomwe kuti zobooka zimakhala zambirimbiri. Palibe amene anafuna kukumbukira zimenezo tsiku lija.

"Ndiye kuti ndinamupala ndikuimba," anatero.

Tsambalo analisiya pomwepo pamanda, osaliphimba n'komwe ndi mwala.

Shalita akadali moyo, ngakhale sanyozanso inki ya munthu. Pa zikopa zija analembapo mabuku atsopano, ndipo ena mwa mawu ake ndi otemberera Barlaha. Lamulungu lililonse ndimamutsogolera kutchalitchi. Amakana kukhala kumbuyo ndi nkhalamba zinzake, amakaima pafupi ndi wowerenga. Samvera zimene zikuwerengedwa. Tsamba likamatembenuzidwa amatukula mutu, chifukwa sadziwa kuti mwana wake ali pansi pa zolemba za tsamba liti.