Safunsa anagula nyundo

Mlamu wanga, Che Mbwana a ku Lungwena, akudwala. Musathamangire kuphika phala, si malungo ayi. Matenda awo ndi otola zitsulo, ndipo sindinamvepo kuti kuchipatala kunafika mankhwala ake.

Anayamba atangopuma ntchito ku hotela ina ya kunyanja kuno, kumene ankasunga makiyi a sitolo. Mzungu wina wodzaona nyanja anawauza kuti kwawo, akaweruka ku ofesi, amasula mipeni pongofuna kusangalatsa mtima. Basi, mlamu wanga anagwidwa pomwepo. Anzawo akapuma ntchito amagula bwato kapena ukonde. Iwo anagula mvukuto wa chikopa cha mbuzi, nayamba kuyenda maso ali pansi ngati munthu amene wataya ndalama.

Mukafika pakhomo pa mlongo wanga, Abiti Jafali, muziyang'ana popondapo. Pali masipuling'i a lole, matcheni a njinga, theka la pulawo, injini ya boti imene inamwalira ine ndisanakwatire, ndi zina zoti ngakhale dzimbiri likuzikana. Pamene malemu mayi athu ankadzala therere ndi mphonda, lero pamera zitsulo. Ndipo musaiwale kuti bambo ameneyu ndi mkamwini. Malowo ndi athu! Anabwera ndi sutikesi imodzi ndi ulemu wambiri. Sutikesiyo ilipo, modzaza mabawuti.

"Achimwene," amandidandaulira mlongo wanga, "anzanga amalimbana ndi mkazi wachiwiri. Ine ndikulimbana ndi dzimbiri. Mkazi mnzanga akanandithandizako kusinja."

Mufunsa kuti pa zaka zonsezi asulapo chiyani? Funsani ndithu, inenso ndimafunsa. Mpeni umodzi. Mlongo wanga anauyesa pa papaya lakupsa, ndipo linapambana ndi papayalo. Panopa mpeniwo ndi umene amatsekera chitseko cha khola la nkhuku.

Tsono Loweruka lapitali ndinapalasa njinga kukawazonda. Ndinapeza mlamu akuwala nkhope, makala ali tayale pa chipala chawo chosulirapo cha pansi pa mtengo wa mango.

"Alamu, khalani pansi muone chinthu," anatero, akumasula chiguduli pang'onopang'ono. Inali nyundo. Ineyo za nyundo sindidziwa, koma iyi inkaoneka kuti yagwirapo ntchito. Mutu wake unali wakuda bii, wosulidwa pamanja, chigwiriro chosalala ndi thukuta, kumapeto kwake kokulungidwa ndi mphira wa chubu cha njinga.

"Pa msika wa Namwera," anatero modzitama. "Mnyamatayo anatchula mtengo wake, ine ndinaseka. Ndinatembenuka ngati ndikupita, iye kundikoka malaya. Alamu, ndinamusiya akulira! Mtengo wa mulu wa usipa."

Anaitana Che Amisi kuti adzapukuse mvukuto. Che Amisi ndi mmodzi wa abale athu othawa nkhondo. Anawoloka malire cha ku Namwera komweko ndi mkazi ndi ana, ndipo akukhala kwa achibale pa Lungwena, nkumagwira maganyu. Ndi munthu wosalankhulalankhula. Mlamu amawalipira ufa Loweruka lililonse kuti azipemerera moto pamene iwo akuzunza chitsulo.

Moto unayaka. Mlamu anaika chidutswa cha sipuling'i pa makala, nakweza nyundo m'mwamba kuti ife tonse tione. Mvukuto unangoti zii.

"Pukusani, Che Amisi, moto ukuzima!"

Che Amisi sanapukuse. Maso awo anali pa nyundo.

"Bwana, nyundo imeneyi mwaipeza kuti?"

Mukanamuona mlamu wanga! Nyundo ija inathawira kumbuyo kwa msana. Anandiyang'ana ine, nkunditsinzinira diso.

"Mwaona, alamu? Ayamba. Anthu awa ukangowapatsa mpando, mawa akuti nyumba ndi yawo. Ndagula ndi ndalama zanga, Che Amisi. Ndalama zanga!"

"Sindikukana, bwana. Tangoyang'anani pansi pa mutu wake. Pali chizindikiro chonga phazi la nkhuku?"

Mlamu anazengereza, koma mlongo wanga anali atatuluka kale m'khitchini, manja ali m'chiuno. Mlamu anatembenuza nyundo. Phazi la nkhuku linalipo.

Che Amisi anafotokoza mwapang'onopang'ono, Chichewa chikawathera nkumalowa m'Chiyao. Nyundoyo anasula ndi bambo awo. Atamwalira, inapita kwa mkulu wawo, Che Saidi, amene anatenga chipala cha pamudzi. Iwo, Che Amisi, akhala akupukusa mvukuto wa achimwene awowo kuyambira ali mwana. Tsiku limene mudzi unabalalika, Che Saidi anakana kuthawa, chifukwa mayi awo okalamba sakanatha kukwera mapiri. Anati atsala nawo, adzalondola zinthu zikazizira. Mvula yagwa, yasiya, yagwanso, osamva kanthu.

"Nyundo iyi sankabwereketsa ngakhale kwa ine, mng'ono wawo," anatero.

"Ndiye mukufuna ndikupatseni ulere?" anatero mlamu, mawu atakwera.

"Ayi, bwana. Ikhale yanu. Ndikungofuna mundiuze amene wakugulitsani. Ngati ndi munthu wamtali, wamanzere, wa chipsera cha moto pa dzanja, ndiye kuti achimwene ali moyo, awoloka, njala yawagulitsitsa nyundo. Ndikawafunafuna lero lomwe. Anali wotani munthuyo?"

Abale anga, apa mpamene ndinachita manyazi m'malo mwa banja lonse. Mlamu wanga amakumbukira mtengo woyamba, mtengo wachiwiri ndi mtengo umene anagwirizana. Amakumbukira kuti pa mphasapo panali loko wopanda kiyi ndi supana yothyoka mano. Koma nkhope ya munthu amene anakangana naye mpaka kukokana malaya? Anakanda m'mutu, anayang'ana kumwamba kwa mango.

"Anali... munthu basi. Wovala malaya."

Wovala malaya! Zikomo kwambiri, alamu. Tsopano tingowasiya onse oyenda chifuwa pamtunda, tifufuze otsalawo.

Musamuseke kwambiri mlamu wangayu, chifukwa mukudziseka nokha. Ndani mwa ife amene sanatsikepo ku Namwera atasenza "mwayi"? Makina osokera pa mtengo wa mbuzi yaing'ono. Malata okhala ndi mabowo a misomali kale. Chitseko chathunthu, mahinjesi ake ali pompo. Kodi chitseko chimayenda chokha kuchoka pa nyumba? Malata aja anatopa ndi dzuwa, nkutsika okha pa denga kudzapuma ku Malawi? Timadziwa. Tonse timadziwa kuti pali katundu amene mwini wake wagulitsa chifukwa ana agona ndi njala, ndiponso pali katundu amene mwini wake sanafunsidwe. Kusiyanitsa kwake ndi funso limodzi lokha, ndipo funsolo silituluka pakamwa pathu, chifukwa yankho lake likhoza kutiwonongera mtengo wabwino. Kwanga kuli beseni lachitsulo la komweko, ndipo mkazi wanga akandifunsa ndimangoti linali lotchipa.

Ndiye madzulo tikhala pa khonde, pansi pa malata omwewo, nkumati anthu othawa nkhondowa atimalizira nkhuni, akweza mtengo wa chinangwa, ndipo ndi akuba. Akuba! Ife ndife ogula chabe, manja athu ndi oyera.

Mlongo wanga sanachite msonkhano. "Che Mbwana," anatero, "tsiku la msika mukwera matola ndi Che Amisi, mukawasonyeze munthuyo. Mukapanda kutero, zitsulo zanu zonsezi ndikazithira m'nyanja, inuyo mukazilondole komweko. Achimwene, mupite nawo, angakathere pa mulu wina wa dzimbiri."

Tinapita. Galimoto inakwera mapiri aja ikulira, ife titapanikizana ndi madengu a nsomba zouma. Che Amisi anavala mkanjo wawo woyera wa Lachisanu, kuti ngati akumana ndi achimwene awo asawapeze ali m'nsanza. Njira yonse ankasuzumira aliyense woyenda m'mbali mwa msewu.

Nkhope mlamu anaiiwala, koma mphasa ya zitsulo anailondola mosaphonya, ngati galu wopita kwawo. Wogulitsa anali mnyamata wonenepa bwino, wa magalasi akuda ndi wotchi yaikulu. Sanali wamtali. Manja ake analibe chipsera chilichonse, ndipo ndikukayika ngati anagwirapo khasu.

Che Amisi anapereka salamu mwaulemu, nafunsa za nyundo.

"Madala, katundu amabwera ndi anthu," anatero mnyamatayo akutafuna mzimbe. "Ine ndimagula, ndimagulitsa. Ndikati ndizifunsa dzina la mwini wa chitsulo chilichonse, ndidya mafunso?"

"Amene anabweretsa anali wamanzere?"

"Anali ndi manja awiri. Mukugula kapena mukutchinga makasitomala?"

Che Amisi anagwada pa mphasa paja. Ndinaganiza kuti akumupempha, koma ayi, ankayang'ana katundu. Anatola mbaniro, chopanira chitsulo chamoto chija, naitembenuza. Phazi la nkhuku. Anatola tchizulo. Phazi la nkhuku. Anatola kanyundo kakang'ono, chiboolero, mpaka kampeni kosongolera zigwiriro. Anaziika pambali chimodzichimodzi, mwaulemu, mmene timaikira nsapato pakhomo la mzikiti.

Ine si mmisiri, koma nanenso ndinamva. Munthu wanjala amagulitsa chida chimodzi, nkusunga zina kuti mawa agwirire ntchito. Apa chipala chonse cha Che Saidi chinali pa mphasa ya mlendo, osatsalako ndi msomali womwe.

"Inna lillahi," ananong'ona Che Amisi, chiyambi cha mawu amene timanena tikamva kuti munthu wamwalira. Mawu otsatira sanawatchule, chifukwa sankadziwa ngati nthawi yowamaliza yakwana.

Ndipo pa nthawi imeneyo, anthu inu, ndinamva chigongono m'nthiti mwanga. Mlamu wanga, maso ali ngwee.

"Alamu," anandinong'oneza, "zonsezi ndi za mmisiri mmodzi. Tamufunsani mnyamatayu, tikatenga zonse pamodzi atichotsera zingati?"

Ndinakwiya mpaka makutu kulira. Ndinawauza mawu amene mkonzi wa nyuzipepala ino sangalole kuti asindikizidwe, ndipo amayi ogulitsa tomato anaombera m'manja. Kunena zoona, mlamu anafota. Anagula zida zonse zija osanenerera mtengo, koyamba m'moyo wawo, ndipo ndikukhulupirira kuti zinawapweteka kuposa kuzula dzino. Anazikulunga m'thumba pamodzi ndi nyundo ija, nakaziika pa miyendo ya Che Amisi osawayang'ana kumaso. Mnyamata wa magalasi anawerenga ndalama zake, natiuza kuti tidzabwerenso sabata yamawa, kubwera katundu wina.

Pobwerera, titatsika phiri, mlamu anaona chitsulo china m'mbali mwa msewu, khosi nkutembenuka nacho mpaka chinabisika. Matenda aja sachira, ndinakuuzani.

Che Amisi anafukata thumba lija njira yonse. Titayandikira ku Lungwena anandigwira dzanja.

"Bambo, inu mumalemba m'nyuzi, mumadziwa zinthu. Munthu amachita sadaka ya mbale wake amene sanamuone mtembo? Ndikachita, mwina ndikuika munthu wamoyo. Ndikapanda kuchita, mwina achimwene ndi amayi agona kutchire popanda wowawerengera pemphero la dua. Ndichite chiyani?"

Yankho la funso limeneli linadutsa m'manja mwa anthu angapo, kuchokera pa chipala cha Che Saidi kufika pansi pa mango a mlongo wanga, ndipo aliyense anafunsa mtengo basi. Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Kuno kwathu masiku ano safunsa akudya uchi, phula akutafuna ndi Che Amisi.

Beseni langa lija ndalitembenuza dzulo. Pansi pake pali dzina lolembedwa ndi msomali, la mayi wina, ndipo lakhala pamenepo nthawi yonse imene ana anga akhala akusambiramo.

Nanga inu, makina osokera aja amene mumanyadira kuti munawapeza motchipa, munayamba mwawatembenuzapo?