Tsiku Limene Anayesera Zipolopolo pa Kaphulusa

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi agogo, nkhondo yachiwiri ya azungu itangotha. Makolo anga anamwalira ndili wakhanda, choncho ndinakulira m'manja mwa agogowo kufupi ndi Namitete. Tsiku lina ananditenga, nkhuku ili kukhwapa, n'kupita nane kwa Che Amidu, kapitawo wa ngolo pa esiteti ya fodya ya mzungu amene tinkamutcha Chindevu.

"Mwanayu salankhula, koma ng'ombe zimamumvera," anatero agogo.

Che Amidu anandiyang'ana m'manja, nalandira nkhukuyo, nati ndibwere m'mawa.

Ntchito inali yotuta mabelo a fodya kuchokera kushedi kukasiya kumsewu waukulu. Ndinaphunzira kukweza goli, kulowetsa zikeyi (timitengo ta m'goli tija), kumanga zingwe zachikopa kukhosi mosathina, kupaka girisi m'magudumu, ndi kuliza chikwapu m'mwamba osakhudza msana wa ng'ombe. Mwa ng'ombe ziwiri zimene anandipatsa, yakumanzere inali yofulidwa, yotuwa, dzina lake Kaphulusa. Pamtsetse inkadziletsa yokha osaiuza, ndipo tikapuma inkandinyambita thukuta pamkono.

Lamulungu ndinali ndi ntchito ina yopanda pake. Chindevu anali ndi volovolo, mfuti ya m'manja yolemera imene anachoka nayo kunkhondo yoyamba. Zipolopolo zake zinali zonenepa ngati chala chachikulu, za mtovu wosakutira, ndipo zina zinali zakalekale, za onga wakuda, zotulutsa utsi wonunkha ngati dzira lovunda. Mwana wa mlongo wake, amene tinkamutcha Kamlomo, anabwera kuchokera kunkhondo yatsopanoyi ndi volovolo yocheperapo. Zipolopolo zake zinali zowonda, zokutidwa ndi mkuwa, zopanda utsi. Akakhuta ndi kumwa pakhonde, mkangano unali umodzimodzi: zamphamvu ndi ziti?

Anasankha ine poti sindinkayankha. Ndinkasanjikiza matabwa, kuwakhoma pamodzi ndi misomali, n'kuwayedzamiritsa pachulu. Akawombera, ndinkalowetsa kaudzu m'bowo lililonse, kukatsina pamene kalekezera, n'kupita nako kukhonde. Chatsopano chinkalowa patali, bowo lake laling'ono, losalala. Chakale chinkaima msanga, koma chinkang'amba thabwa n'kuphwatalala m'kati ngati batani.

"Onani amalume, changa chapitirira!" ankatero Kamlomo.

"Thabwa si nyama," ankayankha Chindevu.

Aliyense ankapita kukagona atapambana. Ine ndinkatsala ndi mfuti: yakaleyo kuithira madzi otentha mumpope chifukwa onga wakuda umaitana dzimbiri, kenako kasanza pakachitsulo, kenako mafuta. Che Amidu akandipeza ankalavula pansi. "Amuna athunthu kulimbana ndi thabwa losabwezera," ankatero.

Tsiku lovuta linafika chakumapeto kwa nyengo ya fodya. Tikudutsa padambo ndi mabelo, Kaphulusa anaponda m'dzenje lobisika ndi udzu, ngolo n'kumukankha kumbuyo. Ndinamva kuti thyo! Mwendo wakutsogolo unathyoka, fupa linatulukira kunja. Ndinamasula goli, Che Amidu anafika, anayang'ana, napukusa mutu. Ng'ombe yotero sichira.

Pa esitetipo ng'ombe iliyonse ankazinga ndi Che Amidu, ataiyang'anitsa kumpoto ndi kutchula dzina la Mulungu, kuti Achewa ndi Ayao tidye nyama imodzi. Ikafa mpeni usanapite pakhosi, Asilamu sakanaikhudza. Mpeniwo Che Amidu anali nawo m'chiuno. Koma lamulo linali lakuti chiweto cha bwana sachikhudza bwana asanalole, choncho tinatuma munthu kunyumba kwa Chindevu.

Yankho linabwera lakuti tidikire.

Tinadikira dzuwa mpaka kupendeka. Ntchentche zinadzaza pachilonda. Ndinatunga madzi m'chipewa changa, Kaphulusa anangowanunkhiza. Akayesa kudzuka ankagwera pa mwendo womwewo, n'kubuula ndi mawu amene sindinawamvepo kwa ng'ombe. Antchito anasonkhana, akazi ndi mabeseni awo chapatali.

Azungu aja anafika pagalimoto, aliyense volovolo m'chiuno, nkhope zowala ngati akupita kuukwati.

"Bwana, ndiloleni ndizinge," anatero Che Amidu. "Ikuvutika."

"Choka apo, Amidu. Lero tiona zenizeni," anatero Kamlomo. "Iwe, gwira chingwe."

Ndinagwira. Iye anaima patali ndithu, dzanja lina m'chiuno, monga ankachitira ndi matabwa. Koma thabwa siligwedeza mutu. Chipolopolo chamkuwa chija chinalowa pamwamba pa mphuno n'kutulukira kunsi kwa chibwano, bowo laling'ono, losalala, monga mwa masiku onse. Kaphulusa anandikwekwereza m'matope, magazi akutuluka m'mphuno. Chachiwiri chinamenya patsinde pa nyanga n'kulira chopita kuthengo, akazi n'kugwa pansi chafufumimba.

Chindevu anaseka mpaka kutsokomola. "Mtedza umenewo! Taona za amuna."

Anakoka kamodzi, mfuti inangoti kha, chipolopolo chinali chitafa ndi chinyezi cha zaka. Anakokanso. Kunamveka guu, utsi unatiphimba tonse. Utapita, ndinaona phewa la Kaphulusa litatseguka bala lolowa chibakera, koma maso ake anali akuphethira, akundifunafuna.

"Waona bala limenelo?" anafuula Chindevu.

"Koma yafa? Yafa kodi?" anatero Kamlomo, akutseguliranso mfuti yake.

Che Amidu anandinong'oneza kuti, "Mwanangu, ikatha mpweya ndi mfuti, theka la anthu awa abwerera ndi mabeseni ouma."

Sindinaganize zambiri. Ndinataya chingwe, ndinagwada, ndinakumbatira mutu wa Kaphulusa nyanga zili m'khwapa mwanga, n'kuupotolera kumpoto. Msana wanga unali kwa azungu. Kamlomo anatukwana, nati ndichoke. Sindinachoke.

"Zingani, bambo," ndinatero.

Che Amidu anatchula dzina la Mulungu, nakoka mpeni kamodzi. Thupi lonse la Kaphulusa linanjenjemera pachifuwa changa, kenako linafewa.

Ndinkayembekezera mbama kapena kuchotsedwa ntchito. Sizinachitike, ndipo ichi n'chimene chimandinyansa mpaka lero. Azunguwo sanandionenso n'komwe. Anaimirira pambali pa osenda chikopa, akulamula kuti afukule chipolopolo cha m'phewa. Chitapezeka, Chindevu anachitsuka ndi mowa wake, nachikweza m'mwamba. Kamlomo anati zake zinadutsa fupa, choncho n'zamphamvu. Anakwera galimoto akukanganabe. Nyama inagawidwa kwa onse, kupatula phewa lija limene linali lakuda, lodzaza tizidutswa ta mafupa, loti ndi agalu okha analidya. Gawo langa ndinapatsa agogo, ine sindinalawe.

Anyamata a masiku ano akamva kuti ndinkatsuka mfuti za azungu, amandifunsa kuti zamphamvu zinali ziti, zakale kapena zatsopano. Ndimawauza zimene ndinaona. Chatsopano chimaboola patali, chakale chimang'amba kwambiri, ndipo tsiku limenelo zonse pamodzi zinalephera ntchito imene mpeni wonoledwa pamwala unaitha ndi kukoka kumodzi, chifukwa wogwira mpeniyo ankafuna kuti ng'ombe ipume, pamene ogwira mfuti ankafuna kupambana mkangano.

Ndinayendetsa ngolo zaka zambiri pambuyo pake, ku Nsaru ndi ku Kabudula, za eni ake osiyanasiyana. Ng'ombe zinagwanso m'manja mwanga. Koma sindinatumenso munthu kukafunsa chilolezo chiweto chikubuula pansi. Ndinkaitana wozinga, ntchito n'kutha, kenako ndinkapita ndekha kwa mwini wake, chikopa chili paphewa, kukalandira mkwiyo wake.